Tengani, N'chanu

Kalata inafika Lachiwiri usiku kuchokera ku Tartu,
kwa Kaarel, munthu amene sindinamuonepo nkhope,
yemwe amalongedza pulogalamu yathu
kuti ilowe m'makompyuta a anthu ena.
Sanachulutse gaga m'diwa:
chithunzi cha nambala 41 chilibe chilolezo,
pezani mwini wake, apo ayi tichichotsa.

Ndinachitsegula.
Nkhungu ya Valparaíso ikutsika phiri,
madenga a malata adzimbiri,
ndipo pakona mayi wina akuyanika malaya pachingwe,
chopanira zovala chili pakamwa.
Zaka khumi ndi ziwiri mayiyu wakhala kuseri kwa mafayilo a anthu
ku Lima, ku Osaka, ndi kwina kumene sindikudziwa,
popanda wofunsa.

Anatumiza ndi Anselmo Quilodrán.
Pansi pake analemba mzere umodzi wokha:
tengani, n'chanu.
Nthawi imeneyo tinkaona ngati mawuwa akukwana.
Tinali achinyamata, tinkagonera khofi wozizira,
tinkayesa ulere ndi ufulu n'chinthu chimodzi.
Koma Kaarel akufunsa kuti chathu motani.
Kodi wina angachidule, kuchipaka mtundu wina,
kuchigulitsa pamsika?
Kodi dzina la wojambula lizitsagana nacho?
Tengani sayankha zimenezo.

Imelo ya Anselmo inandibwerera.
Nambala yake ya foni inayankhidwa ndi wogulitsa matayala.

Loweruka ndinakwera chikepe chakale cholira ngati chikudwala,
kenako masitepe mpaka mawondo kuwawa,
fomu ya laisensi ili m'thumba, yopindidwa kanayi.
Ndinalipeza denga lija. Chingwe chija chinalipo.
Anatsegula chitseko ndi Leontina, mwana wake,
manja ali mbuu ndi ufa.
Bambo anatisiya zaka zitatu zapitazo, anatero.

Ndinamuonetsa pafoni.
Anayang'ana nthawi yaitali, ufa ukugwera pagalasi.
Awa ndi amayi anga.
Sankadziwa kuti akujambulidwa,
ankadana ndi kamera, ati imawakulitsa mphuno.
Anaseka, kenako kuseka kunatha.
Mukuti awaona anthu angati?
Ndinati sindikudziwa,
pulogalamu yathu siwerenga anthu.

Ndinayala fomu patebulo, ndikufotokoza
kuti akasaina, aliyense atha kukopera, kusintha, kugawa,
ndipo madzi akatayika saoleka.
Anafunsa ngati wina angawaike amayi ake
pachikwangwani chotsatsa sopo.
Ndinafuna kunama.
Ndinati sindingalonjeze kuti sizingachitike.

Anapinda fomu momwe ndinaipindira,
n'kuibwezera m'dzanja langa.
Mchimwene wanga ali ku Antofagasta, nayenso ndi mwini.
Chithunzi chinali cha bambo, chabwino,
nanga nkhope ndi ya ndani?
Amayi ali moyo, agona m'chipindamo,
koma masiku ano sakumbuka ngakhale dzina langa.
Awafunse ndani?

Ndinatsika wapansi, chikepe chinali chitatseka.
Agalu a m'makwalala anandiperekeza mpaka kudoko.

Usiku womwewo ndinachichotsa chithunzicho.
Pamalo olemba chifukwa ndinaika mawu awiri:
chilolezo sichikudziwika.
Kaarel anayankha kuti zikomo,
n'kutumiza mtambo umene anajambula yekha pawindo la khitchini yake,
mtambo wabwino ndithu,
wokhala ndi mapepala ake onse.
Anthu atatu analemba kufunsa kumene kwapita mayi wa zovala.
Mmodzi anali wokwiya.
Ndinayankha awiri.

Koma m'makompyuta akale amene palibe wawakhudza,
m'laibulale ina, m'chipinda cha alonda kwinakwake,
mayi uja akuyanikabe malaya,
chopanira chili pakamwa,
ndipo nkhungu sinafikebe pachingwe.